Pamene a Tunstall Ankapatuka

Tsikulo kunkawomba mphepo yafumbi, nyanja osaoneka bwino. Nedson analowa m'khitchini akupukuta m'maso, napeza Eveless, wantchito mnzake wa ku Balaka, akutsuka makapu.

"Madamu aona bondo la agogo," anatero Eveless osatembenuka. "Alijambula pa foni."

"Anagwa pa kapinga."

"Pamene amagwapo inu munali kuti, achimwene?"

Nedson anatenga kapu n'kuthiramo madzi akumwa.

"Mukakhala duu choncho ndiye mumafanana ndi wolakwa weniweni. Visa imeneyo aikhansela musanatsegule n'kamwa komwe."

Nedson anali dalaivala wa madamu Monica, Mngelezi wogwira ntchito ku Doha. Bambo awo, a Tunstall, anali atapitirira zaka makumi asanu ndi anayi, ndipo mutu unali utayamba kuiwala. M'mawa uliwonse Nedson ankapita nawo kukawongola miyendo ku Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja. Ankamva kuti mkuluyu anali katswiri wothamanga kwawo, koma iye ankakayika, poti m'nyumba monsemo munalibe chikho ngakhale chimodzi.

Madamu sanamufunse kanthu. Anangomuyang'ana nthawi yaitali pomupatsa makiyi.

M'mawa mwake Nedson anaona takisi ikuwatsatira kuchokera pa geti. Atafika ku Corniche anaona mayi wa magalasi akuda ataima kuseri kwa mtengo wa kanjedza. Anadziwa kuti ndi ndani, koma sanasinthe kanthu.

A Tunstall ankatsogola ndi ndodo yawo, chigongono chinacho chikugwedera. Nedson ankayenera kukhala pambuyo, pafupi ndi phewa lawo. Akayerekeza kuyenda pambali ankamubweza ndi ndodo. Atafika pa benchi ya masiku onse, mkuluyo anapatukira pa kapinga, nakupiza dzanja.

"Pita, mnyamata. Pita tsopano!"

Nedson anathamanga, munthu wa zaka makumi asanu, nsapato za ku ntchito zikulira pa simenti. Anakakhudza mzati wa magetsi n'kubwerera. Anapeza a Tunstall akuseka, ndipo madamu atawagwira mkono.

"Wapambana?" anafunsa mkuluyo.

"Ndapambana, bwana."

"Ndiye umawasiya okha," anatero madamu Monica.

"Eya, madamu."

"Za kupatukazi wazitenga kuti? Wakhala ukufufuza m'masutikesi awo?"

"Ayi. Ndikapanda kudutsa amalira. Tsiku limenelo sadya."

Madamu anavula magalasi, namuyang'ana ngati akufuna poti amugwire bodza. Kenako anafotokoza mwachidule. M'zaka za m'ma 1950, bambo awo ankathamanga mipikisano ya mailo imodzi ku Mangalande. Ntchito yawo inali kutsogola mwaliwiro kuti akoke mnzawo amene ankafuna kupambana, ndipo mpikisano usanathe iwo ankapatuka, winayo n'kudutsa. Zikho zinkapita kwa anzawo.

"Mwina ukunena zoona," anatero madamu. "Koma bondo ndaliona. Ulendo wina lidzakhala fupa la m'chiuno, ndipo pa msinkhu uwu sadzadzukanso. Ukadzachokanso pambali pawo, khalas, basi, kontrakiti yatha."

Nedson anali ndi ana awiri aakazi pa sukulu ku Ntcheu, mayi awo atamwalira. Anamvera. Tsiku lotsatira a Tunstall atapatuka, iye anaima pomwepo. Mkuluyo anakupiza dzanja, nakupizanso, kenako anayang'ana m'mbuyo, kufuna munthu woti adutse. Panangodutsa mayi wina ndi mwana wa pa njinga. Kunyumba anakana phala. Tsiku linalo anakana ndi tiyi yemwe.

Lachisanu Eveless analowa m'galimoto atavala nsapato zoyendera.

"Ndikufuna mphepo ya kunyanja," anatero.

"Unayamba liti kukonda mphepo?"

Eveless anayang'ana kunja kwa windo. Atadutsa dera la Msheireb, anaulula yekha.

"Chabwino, andituma. Akuti ndizikuonani. Musandiyang'ane choncho, achimwene, nanenso pasipoti yanga siyolembedwa kuti mwana wa mfumu."

Mphepo yafumbi ija inali italeka, maboti a matabwa akuoneka bwino pa doko. A Tunstall anatsogola mwa masiku onse, koma ndodo inkakhukhuluzika pansi, ndipo buluku linali litayamba kuwakulira. Eveless ankabwera pambuyo, foni ili m'manja. Nedson sanadziwe ngati ikujambula kapena ayi.

Pa benchi paja mkuluyo anapatukira pa kapinga. Sanakuwe. Anangokweza dzanja pang'ono, osatembenuka.

"Eveless, agwire mkono. Wa kumanzerewo. Ugwire zolimba."

"Madamu anati inuyo musachoke pambali pawo. Sanati ine ndilowe m'malo."

"Ndinamva."

"Akandifunsa ndinena, achimwene. Ine kunama sindimatha, mumandidziwa."

"Ukanene. Ukanenenso ngati adye phala."

Eveless anatsonya, naponya foni m'chikwama, n'kukoleka mkono wa mkuluyo m'wake. Nedson anamupatsa makiyi a galimoto, anamanga bwino zingwe za nsapato, n'kuwadutsa a Tunstall akuthamanga.