Kachigamba Kofiira Pakhomo

A Nangozo a ku Kawale analota masana dzuwa lili pamutu, atatsamira matumba a simenti pansi pa mpapaya, nyundo za amisiri zikulira m'nyumba mwawo. Si malo ogonapo munthu wamkulu amenewo, koma iwo anali atalawirira kutulutsa katundu, ndiponso chimwemwe nacho chimatopetsa.

Chimwemwecho chinali cha matailosi. Mwana wawo Sungeni, wogwira ntchito ku Blantyre, ndiye analimbikira kuti nyumba ikonzedwe, ndipo ankawatumizira zithunzi pa foni osapuma, kuwaonetsa zimene zili m'fasho ndi zimene zinatha kalekale. Poyamba a Nangozo ankakana, koma kukana kwake kunali kwa munthu amene mbale waigwira kale m'manja. Posakhalitsa ndi iwo amene ankaimitsa amayi anzawo a mvano pamsewu kuti aone zithunzizo. Chovuta chinali chimodzi. Pansi pawo pofiira, pamene malemu amuna awo a Chilinda anasalaza okha ndi manja awo, panayenera kusemedwa ponse. Mmisiri wamkulu, a Bizwiki, anati matailosi sagwira pa simenti imene yakhala ikumwa polishi Loweruka lililonse.

M'malotomo ntchito inali itatha.

Analowa osavala nsapato. Pabalaza panali matailosi akuluakulu, iliyonse kukula ngati chitseko, molumikizira mosaoneka n'komwe, ndipo balazalo linali litatambasuka mpaka mipando inkaoneka kutali, tsidya lina. Sanali onyezimira ngati a kubanki aja. Anali a mtundu wa mchenga, ozizira bwino kuphazi, monga momwe Sungeni ananenera kuti zothobwa m'maso zinapita. A Nangozo anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti palibe wowaona, n'kudula chimtali okhaokha pakati pa balaza. Mawondo aja amawavuta kutchalitchi sanadandaule ngakhale pang'ono.

Kuchipinda kunali matailosi aja ooneka ngati matabwa, ndipo anali ataphuka. Masamba a m'bawa ankatuluka kunsi kwa bedi. Pakhomo la chipindacho chiswe chinali chitandanda pamzere, chikudandaula mwaulemu kuti chapusitsidwa, chaluma thabwa n'kuguluka mano. A Nangozo anachiseka mpaka misozi, pakuti chiswe chomwechi ndi chimene chinawadyera kabati yawo ya paukwati. Anachiuza kuti chikadandaule kwa a Bizwiki.

Kubafa timatailosi tobiriwira tinayalidwa mopingasa ngati minga ya nsomba, ndipo nsomba zake zinalimo, matemba, akusambira m'khoma kukwera kudenga. Pakhonde lakuseri panali terazo, simenti ija ya timiyala tamitundumitundu imene a Nangozo anaidziwira kuchipatala ali mtsikana, lero akuti yabwereranso. Timiyalato tinawapatsa moni kamodzikamodzi, kalikonse kutchula kwawo, ka ku Dedza, ka ku Mulanje, kena ka ku Rumphi kolankhula Chichewa chovutikira. Iwo anayankha tonse, chifukwa sanaleredwe mwamwano.

Koma mtima wawo unathera kukhitchini. Kauntala yokonzerapo zakudya inali ya mwala wakuda wa timadontho, ndipo pothera pake mwalawo sunalekeze, unapinda n'kutsika mpaka pansi. Sungeni anali atawauza kuti kapangidwe kameneka amakatcha mathithi. Analidi mathithi. Madzi akuda ankagwa mwakachetechete n'kulowa pansi osanyowetsa kanthu. A Nangozo anadulirapo tomato, banga osatsala. Anatsitsirapo poto wotentha, mwala unangoti zikomo. Apo anayamba kuwerengera m'mutu anthu oti adzawaitane ku tiyi, ndipo woyamba anali mayi wa kuseri kwawo uja amene wakhala akunyadira kapeti kuyambira nthawi ya chisankho choyamba. Anasangalala kwambiri, kusangalala kochititsa manyazi kwa munthu wa zidzukulu.

Kenako anamva belu la njinga, ndipo anadziwa kuti nthawi yoweruka yakwana.

Pali chinthu chimene a Nangozo sanauzepo munthu, ngakhale Sungeni. Chimwalirireni a Chilinda, maloto alionse amene iwo ankalota, bamboyo ankabwera kunyumba nthawi yoweruka. Ankakankha chitseko osanena kanthu monga mwini nyumba, kupachika chipewa pa msomali, kuterereka pang'ono pofiira paja n'kung'ung'udza kuti tsiku lina adzawapha ndi polishi wawoyo. Zinkangothera pomwepo. Koma umasiye wonse a Nangozo anaupirira chifukwa cha kubwera kumeneku.

Anathamangira kukhomo kuti akawaonetse mathithi. A Chilinda anatsamiritsa njinga pakhoma monga mwa masiku onse, anafika pachitseko, anayang'ana pansi. Anaima. Anavula nsapato n'kuziika pambali bwinobwino, chipewa anachigwira ndi manja awiri pamimba.

"Odi," anatero.

A Nangozo anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala zawo zija. Anawauza kuti alowe, n'kwawo kuno, aone zimene mwana wawo wachita. A Chilinda anapepesa chifukwa chosokoneza. Anati akufuna nyumba ya a Nangozo, ya pansi pofiira, ndipo mwina aphonya njira. Anayamikira kuti nyumba ino ndi yokongola zedi, eni ake ayenera kuti ndi anthu apamwamba. Ponena zonsezi ankawatchula kuti mayi, monga amatchulira munthu wokumana naye m'basi.

"Ndine ndemwe, a Chilinda. Tandiyang'anani kumaso."

"Pepani mayi. Kumene tikukhala ife maso sathandiza kwenikweni. Kwathu timakudziwa ndi mapazi."

Mantha enieni anawagwira a Nangozo. Anathamangira kumene ankasunga chitini cha polishi wofiira, ndipo mwamwayi chinalipo, ndi kansanza kake mkati. Anagwada pamaso pa amuna awo n'kuyamba kupaka tailosi yoyamba. Polishiyo sanalowe. Anaundana timibulu n'kugubuduzika ngati mikanda yoduka. Anapakanso mochindikala, anaponda burashi ndi phazi monga ankachitira Loweruka lililonse, koma burashiyo inawatenga kuwadutsitsa pabalaza ponse mpaka kumathithi n'kuwabweza pomwe anali.

"Musavutike mayi," inatero tailosiyo. "Ife sitimwa polishi. Ife ndi madzi ndi chikolopa basi."

Inanena monyadira, pakuti ndi zomwezo zimene anthu amaigulira. A Nangozo anali ataikondera zomwezo nawonso, ndipo anali atauza mvano wonse kuti za kugwada ndi polishi iwo atsazikana nazo.

A Chilinda anali atayamba kuvala nsapato. Anamanga chingwe cha yoyamba mosafulumira, anatenga yachiwiri, kenako anapendeketsa mutu ngati akumvetsera wailesi ya kwa aneba. A Nangozo nawo anamva. Penapake pansi pa matailosi nyundo inkagogoda, ndipo kugogodako kunkayandikira kukhomo.

"Padakatsala pang'ono," anatero a Chilinda. "Pakanakhala pongokwana mapazi awiri, ine ndikanalowa."

A Nangozo anadzuka tsaya lili mbuu ndi simenti. Nyundo inkalirabe. Anathamanga chitenje chili m'manja, ndipo nthawi imeneyi mawondo anadandaula, koma sanawamvere. M'nyumba munali fumbi lokhalokha. Kuchipinda, kubafa, pabalaza ponse panali patasemedwa, zibenthu zofiira zitaunjikidwa pakona. Amisiri a pansi amayambira mkati n'kumabwerera chakukhomo kuti asadzitsekere, choncho pofiira panangotsala pamene munthu amaponda akangolowa, kachigamba kosaposa mpando wa ndalema. A Bizwiki anali atanjuta pomwepo, tchizulo chili pansi, nyundo ili m'mwamba. A Nangozo anawagwira mkono.

Mmisiriyo anafotokoza mofatsa, monga amachitira anthu amene akumanapo ndi eni nyumba amitundumitundu. Anati matailosi akaikidwa, kachigambako kadzakhala kotsika ndi chala chathunthu, alendo azidzapunthwa, madzi okolopera azidzaima pomwepo. Anati pa zithunzi zonse za m'foni palibe nyumba ya chigamba pakhomo, ndipo a Sungeni akadzaona adzaimbira iwo, osati mayi awo. Anawonjeza kuti dzina lawo la umisiri lidzaonongeka Kawale yense.

"Alendo azidumpha," anatero a Nangozo. "Apa ndi polowera eni nyumba."

A Bizwiki anawayang'ana, anayang'ana kachigambako, anakanda m'mutu ndi chala cha simenti. Sanafunse zambiri. Anangoti ndiye adzadula matailosi mozungulira, n'kusalaza m'mbali kuti pasakhale popweteka chala. A Nangozo anavomera, ndipo anawakumbutsa kuti zina zonse zikhale monga pa zithunzi, matabwa osadyeka ndi chiswe, minga ya nsomba, makamaka mathithi, chifukwa mayi wa kapeti uja tiyi wake adzamwa ndithu. Anapemphanso kuti msomali wa kuseri kwa chitseko, umene anyamata anauzula m'mawa, ubwerere pamalo pake.

Amisiri ataweruka, iwo anafukula chitini cha polishi m'katoni ya zinthu zokataya. Anagwada pakati pa fumbi, anapukuta kachigambako, anapaka, ndipo simentiyo inamwa mwaludzu monga kale. Anapondapo burashi mpaka nkhope yawo inaoneka. Atatero anakakhala pa thumba la simenti mkati mwa balaza losemedwalo, atafulatira khomo, kuti apumitse mawondo, ndipo zikope zinayamba kulemera.

Kunja kunalira belu la njinga. Chitseko chinakankhidwa, ndipo odi sanamveke. Kunamveka nsapato ikuterereka pang'ono, dzanja likugwira khoma.

"Nangozo, inu tsiku lina mudzandipha ndi polishi wanuyu."