Belu la Biddy

Kutangocha, a Mervyn Tuckwell anatuluka mu tenti atafunda bulangete, n'kuima chilili kutchera khutu. Pamsasa wa akavalo tsiku limayamba choncho, moto usanakolezedwe. Akavalo amagona kudambo atamangidwa malamba m'miyendo yakutsogolo kuti asapite kutali, ndipo mtsogoleri wawo amavala belu m'khosi. Kumene belu likulira, gulu lonse limakhala komweko.

Koma lero belu linkalira kuseri kwa galimoto, mwa apo ndi apo, ngati mlendo wamanyazi akugogoda pakhomo la eni. Akavalo ena onse anali kutsidya kwa mtsinje, mitu ili pansi m'chifunga. Anamusiya yekha Biddy.

Biddy anali kavalo wa Noelene, mkazi wawo, amene anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. Chaka ndi chaka udzu ukayamba kufiira, banjali linkamanga msasa pa dambo la Corrigan pamodzi ndi anzawo, n'kukwera phiri mpaka pakanyumba ka abusa a ng'ombe akale. Noelene ndi Biddy patsogolo, ena onse m'mbuyo mwa belu. Ali m'chipatala, Noelene anapempha chinthu chimodzi chokha: amukwezeko Biddy kamodzinso, asamusiye kukalamba pakhola ngati mpando wothyoka. A Mervyn anavomera. Lero ndiye linali tsikulo, ndipo ankati amukoke pachingwe, chishalo chili chopanda munthu.

Anamumasula miyendo, n'kumukonza bwino kansalu ka maukonde kotchinga ntchentche kamene kanali kumaso kwake. Atacheuka anapeza a Clarrie, mchimwene wake wa malemuyo, atanyonyomala pamoto akuwiritsa tiyi m'chitini, maso ali pa iwo.

"Alamu, ntchentche za kwanu n'zolimba mtima," anatero a Clarrie. "Chisanu chonsechi zikulumabe?"

A Mervyn anayankha kuti kavaloyo anangozolowera. A Clarrie anathira tiyi m'makapu awiri, ananyema buledi wootcha paphulusa, kenako anadzuka mawondo akulira, n'kukaima pambali pa Biddy. Anavula chipewa n'kuchikupiza pafupi ndi diso lake. Kavalo amene kale ankadzidzimuka ndi mthunzi wa mbalame sanagwedeze ndi khutu lomwe.

Anthu ena pamsasapo anayamba kutanganidwa ndi zishalo zawo, aliyense kuyang'ana kumbali.

"Njira akuidziwa kuposa inu," anatero a Mervyn. "Anayamba kukwera phirili inu mukadali ndi tsitsi."

"Dazi langa lisiyeni, silinalakwe kanthu. Ine ndikunena pamwala popanikiza paja."

Sipanafunike kufotokoza. Pamenepo njira imachepa ngati lamba, miyala yake ndi yoterereka, ndipo kumanzere kuli phompho lofika kumtsinje. Ngakhale kavalo wa maso awiri amadutsapo akunjenjemera. A Mervyn anati anamulonjeza Noelene, ndipo sangayambe kumunamiza lero poti sangathe kuyankha. A Clarrie anati iwo mlongo wawo anamuika m'manda kamodzi, sakufuna kukamulira kachiwiri pansi pa phompho. Belu la pakavalo wa mwini silimasulidwa ndi munthu wina. Ngakhale mlamu amangonena n'kusiyira pomwepo.

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutulo limawawabe. A Mervyn anasiya tiyi osamulawa, nakoka Biddy kupita naye kumtsinje kuti akamwe madzi. M'njira ankadziuza kuti ng'ala ya m'maso mwa Biddy ndi yapamwamba chabe, kuti adzayenda naye pang'onopang'ono, akumulankhula. Kunyumba anali atamuona akugunda mzati wa geti, iwo n'kunena kuti ndi tulo. Anali atamuona akufufuza ndowa ya chakudya ndi mphuno, iwo n'kunena kuti ndi dyera la ukalamba.

Pagombe, malo amene Biddy anamwerapo zaka zonsezi, mwendo wake unaponda m'malere. Anagwada, belu n'kulira mobalalika, kenako anadzuka akupumira m'mwamba. Sanabwerere m'mbuyo. Anatambasula khosi, kufufuza mpaka mphuno yake inakhudza msana wa a Mervyn, n'kuisiya pomwepo. Iwo atasuntha phazi, nayenso anasuntha. Ataima, anaima. Mpweya wake wofunda unkadutsa m'malaya.

Apa m'pamene mtima wawo unasweka. Kavaloyu sakanakana chilichonse. Akanawatsatira pamwala paja mphuno ili pamsana pawo, ndipo phazi lake likanaphonya, akanagwa akuwakhulupirirabe.

Anaima nthawi yaitali, madzi akudutsa. Kenako anamuvula kansalu kaja n'kukaika m'thumba. Maso a Biddy anali otuwa ngati madzi otsukira ndowa ya mkaka.

Lamba wa belu anavuta kumasula. Mabowo ake anaboola ndi Noelene mwini, ndi msomali wotentha, ndipo chikopa chinali chitaumira pabowo limodzi lomwelo. Litachoka, m'khosi munatsala mzere wopanda ubweya. A Mervyn anagwira lilime la belu ndi chala kuti lisalire, nabwerera kumsasa. Anakalimangirira okha m'khosi mwa Sarge, kavalo wamphongo wa a Clarrie.

A Clarrie anati nawonso atsala, phiri silithawa. A Mervyn anapukusa mutu.

"Kwerani, alamu. Mukafika pakanyumba paja mukamuuze Noelene kuti ndalephera."

"Ndikamuuza kuti mwamva zonena za anthu, koyamba chikwatirireni," anatero a Clarrie, n'kukokera chipewa kumaso.

Dzuwa litawomba nsonga za mabulugamu, gulu linawoloka mtsinje, Sarge patsogolo. Biddy atamva belu lake likuchoka anaimika makutu. Anakoka chingwe, analira mokweza, anapondaponda pansi kufuna kukatenga malo ake. A Mervyn anakulunga chingwe m'dzanja mpaka zala zinachita dzanzi, akumutchula mayina onse amene Noelene ankamutchula.

Belu linakwera nawo m'mitengo. Linkasowa m'zigwa, n'kumvekanso pamtunda, likucheperachepera. Awiriwo anatsala pafupi ndi moto wozilala, nkhope zili kuphiri, mmodzi osaliona, winayo osatha kuliyang'ana bwino. Pamapeto pake kunangotsala phokoso la mtsinje.

Biddy anaweramitsa mutu kuti adye, n'kugwedeza khosi monga ankachitira m'mawa uliwonse. Palibe chinalira.