Theka la Mwayi

Medy anadziwa kuti pali nkhani atangoona kuti mayi ake, a Nanay Pacing, aphika nkhanu tsiku wamba. Panyumba imeneyo ku Gapan nkhanu sizinkaphikidwa chisawawa. Zinkaphikidwa pakakhala chinthu chowawa choti munthu apemphedwe, ndipo wopemphedwayo nthawi zonse ankakhala Medy, poti ndiye Ate, mwana wamkazi woyamba.

Madzulo amenewo onse anali patebulo. Luz, mng'ono wake wopondana naye, anabwera ndi khanda m'manja. Jomar, bunso wa m'nyumbamo, mzime amene ndevu zinamera koma mayi ake ankamuchotserabe minga mu nsomba, anangoti zyoli kuyang'ana mpunga.

"Idya, mwana wanga," anatero a Nanay, akumukankhira mbale. "Waonda iwe."

"Ingonenani, Nanay. Nkhanuzi zizizira."

Anayamba patali, koma nkhani inali yaifupi. Cherry, chibwenzi cha Jomar, anali ndi pakati, ndipo bambo ake a mtsikanayo ankafuna ukwati wa kutchalitchi mimba isanaonekere. Vuto linali loti ukwati wa Medy ndi Nestor unali utakonzedwa kale mwezi wa Meyi. Ana a mimba imodzi samanga maukwati chaka chimodzi. Imeneyo ndi sukob: mwayi umagawika pakati, banja lina limagwa m'matenda kapena mu umphawi.

"Ndiye tinaganiza kuti..." anatero a Nanay.

"Munaganiza ndi ndani?"

"Tonse, Ate," anayankha Luz motsitsa mawu. "Tinati Ate amvetsa."

Ate amvetsa! Mawu amenewa ndi omwe anamukweza ndege akadali mtsikana, kukalera ana a eni ku Hong Kong kuti Luz amalize unamwino, Jomar ayambe sukulu zimene sanamalize n'komwe. Atabwerera kwawo anapeza Nestor, wokonza njinga zamoto kumsika, munthu wosachuluka zonena. Nestor anabwera ndi makolo ake atanyamula mapoto a ndiwo kudzamupempha mwaulemu wonse. Chaka chomwecho a Tatay, bambo ake a Medy, anamwalira, ndipo panyumba ya maliro sipachitika ukwati chaka chisanathe. Ate anamvetsa. Chaka chotsatira mwamuna wa Luz ankapita kukagwira ntchito pa sitima ya pamadzi, ukwati wawo sukanachedwa. Ate anamvetsanso. Tsopano imvi zinayamba kusuzumira m'mbali mwa makutu, ndipo Medy ankafuna mwana wakewake, ankamufuna mpaka mtima kuwawa.

Nestor nayenso anali atatopa. "Medy, ine ndimakukonda," anamuuza tsiku lina akupukuta girisi m'manja, "koma sindingakwatire kalendala ya kwanu. Chikalephereka chaka chino, tisanamizane."

Medy anaika supuni pansi.

"Sindisuntha tsiku."

Khanda lokha ndi lomwe linapitiriza kuyamwa.

"Ate, chonde," Jomar anadzutsa mutu. "Bambo ake a Cherry simuwadziwa inu. Amagona ndi chikwanje kumutu."

"Chikwanjecho sunachione pomwe unkazembera kuseri kwa nyumba yawo?"

"Ate, musatero pamaso pa Nanay," anatero Luz.

"Iwe Luz, khala chete. Pa ukwati wako ndinakunyamulira diresi, ndikumwetulira mpaka masaya kuuma. Unandifunsako kuti Ate, mukumva bwanji?"

A Nanay anagwira pachifuwa, monga ankachitira nkhani ikayamba kuwapulumuka. "Nanga tsoka likagwera mng'ono wako? Likagwera kamwana kosalakwa kali m'mimbako, udzagona tulo iwe?"

"Ndiye adikire Jomar. Januwale si patali."

"Mimba sidikira!"

"Yanga ndiye imadikira?"

Medy mwini anadabwa kuti mawuwo atuluka m'kamwa mwake, koma sanafune kuwabweza. Anali ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo unamukomera. Moyo wake wonse ankati ukayamba kukwera, iye n'kuumezera ndi madzi.

"Chabwino," anatero a Nanay, misozi ili m'maso koma mawu ali gwa. "Kwatiwa Meyi wakoyo. Ine kutchalitchiko sindikapondako, ndipo dzanja langa usalifune."

Apa m'pamene belu la madzulo linalira kutchalitchi. Mkangano kapena ayi, panyumba imeneyo belu likalira anthu ankaimirira. Anatembenukira ku kakabati pamene panali chithunzi cha a Tatay ndi kandulo, n'kupemphera. Pemphero likatha ana ankafola mwa ukulu wawo kukachita mwambo wotchedwa mano, kutenga dzanja la mayi n'kuligunditsa pamphumi kuti adalitsidwe. Ate patsogolo, bunso pambuyo. Ate asanadutse, mzere suyenda.

Medy anafika pamaso pa mayi ake n'kuwerama. A Nanay anabisa manja onse awiri pansi pa epuloni, nkhope atayang'ana kukhoma.

Luz anapumira m'mwamba. Jomar anayamba kukanda m'mutu. Onse ankadziwa chimene chimatsatira zikatere: Ate agwada, apepesa, ndipo mawa apita kwa ansembe kukasintha tsiku.

Medy sanagwade. Analowetsa dzanja pansi pa epuloni, n'kugwira dzanja lamanja la mayi ake, lija lonunkha adyo ndi nkhanu. Linakana, koma linali dzanja la munthu wokalamba, ndipo lake linali litachapa zovala za mabanja a eni zaka zambirimbiri. Analitulutsa pang'onopang'ono, osawapweteka, n'kuliika pamphumi pake.

"Ndisiye, mwana wosamva iwe!"

"Ndikusiyani, Nanay. Langa dalitso ndatenga." Anawayang'ana m'maso, dzanja akadaligwira. "Mwati mwayi ugawika pakati? Ugawike. Wanga ndakhala ndikuupereka wonse wathunthu kuyambira ndili ndi zaka za Cherry. Theka ndi lambiri kwa ine. Sindinakhalepo nalo."

Medy anasiya dzanjalo n'kupatukira pambali.

"Luz, dutsa. Mzere wayenda."

Anabwerera patebulo, n'kuyang'ana m'mbale ya nkhanu. Yaikulu kuposa zonse, yamafuta ofiira, inali itaikidwa kale pambali monga mwa masiku onse, kudikira bunso. Anaitenga, n'kuikulunga m'tsamba la nthochi.

"Ate, imeneyo ndi..." anayamba Luz.

"Ndi ya mlamu wako Nestor," anatero Medy akuvala masilipasi pakhomo. "Wadikira kokwanira."