Nkhope Yachitatu M'mitambo

Tirtha Basnet anagula kompyuta ija masana, pa New Road, m'kashopu kamene kale kankagulitsa maswiti a mkaka. Anakazindikira ndi chitseko chokha. Kathmandu yense anali chonchi chibwerereni iye: pamene panali dimba la mpunga pakhala nyumba ya nsanjika, pamene panali chitsime akuimikapo njinga zamoto, ndipo mapiri amene ankawaona pazenera ali mwana, tsopano anthu amawaona pa kalendala.

Anachoka ali mnyamata kukagwira ntchito ku Penang, ku Malaysia. Mapepala ake atatha mphamvu anabisala, manyazi anam'tseka pakamwa, analeka kulemba makalata, zaka n'kumangounjikana mpaka anabwera ndi imvi. Makolo anawapeza atamwalira onse awiri. Chimene anabwera nacho ndi luso limodzi basi, lodula ndi kulumikiza makanema a maukwati a eni ake.

"Achimwene, makina amphamvu chonchi mukufuna muziulutsira ndege?" anafunsa mwini shopu, Rabin Tuladhar, mutu uli m'mimba mwa kompyutayo, akumanga khadi la zithunzi.

"Mwana wa achemwali anga akukwatiwa. Kanema ndikonza ndine."

"Ndiye tionjezere memori. Akwati a masiku ano safuna ngakhale kachiphuphu kamodzi kaoneke. Koma ndikuchenjezeni, izi zimaona zonse. Apongozi akayasamula kuseri kwa hema, muwawerenga mano."

Tirtha anatulutsa m'chikwama disiki yakale yokulunga m'nyuzipepala. Sarmila, mkwatibwi uja, anakaipempha kwa mkazi wa malemu Purna, amene kwa zaka zambiri ankajambula maukwati onse a ku Chobhar.

"Ya Purna iyi? Uja anakwatitsa theka la mudzi wanu?" Rabin anaipepeta fumbi n'kuilumikiza. "Agogo akwera njinga yamoto lero. Ikakana musandibwerere, ine ndimagulitsa zamoyo."

Ku Chobhar, Tirtha ankagona m'kachipinda ka pafupi ndi geti, kosungiramo mpunga kale. Mchemwali wake wamkulu, Goma, ndiye anamuika m'menemo. Mpunga ndi mphodza ankam'patsira pakhonde, ndipo mbale sankam'landiritsa m'manja, ankaiika pansi n'kubwerera. Kukhitchini sanalowemo chibwerereni. Dzina la Tirtha, Goma anali asanalitchulepo, ankangoti "iwe". Tirtha ankati ndi mkwiyo umenewo, ndipo ankaona kuti ngwoyenera. Kompyuta ija anaigulira zimenezo. Ankafuna kukonza kanema wokongola mpaka Goma amuitane kukhitchini, akhale pamphasa, adye ndi abale ake ngati munthu wa pakhomo.

Sarmila anasuzumira pakhomo iye akulumikiza mawaya.

"Amalume, poyambira paja muike ngati mmene ankachitira a Purna. Agogo akhalepo."

"Mitambo ija? Zachikale zija, mwana wa ku yunivesite iwe?"

"Amayi akuti popanda zimenezo si kanema wa ukwati, ndi nkhani za pa TV." Anaseka, koma sanalowe. Tirtha anaona kuti zala za kumapazi kwake zalekeza pa mzere weniweni wa chitseko.

Purna sankayamba kanema ndi akwati. Ankayamba ndi akufa. Chitoliro chikulira, mitambo ikuyenda, nkhope za makolo a banjalo zinkatulukira imodziimodzi, iliyonse itazunguliridwa ndi nkhata ya maluwa achikasu, ngati zithunzi za malemu zimene timapachika pakhoma. Anthu a ku Chobhar anazolowera, moti kanema wopanda mitambo ankati ngwamwano.

Kompyuta inayaka mwakachetechete, kafani kake kakungopuma. Pulogalamu yatsopano ija inali ndi khalidwe lake: inkafufuza yokha m'makanema onse, n'kusonkhanitsa nkhope zofanana, kenako n'kufunsa dzina la mwini nkhope. Tirtha anaiuza mayina mosangalala. Awa ndi abambo. Awa ndi amayi. Uyu ndi Goma asananenepe. Kenako inamuonetsa mnyamata wa tsitsi lopesa ndi mafuta, wovala jekete lobwereka, maso ali tong'o.

Chinali chithunzi cha pa pasipoti yake.

Analemba dzina lake. Pulogalamu inam'bweretsera mzere wautali wa makanema amene nkhopeyo inalimo. Tirtha anadabwa, chifukwa Purna anagula kamera iye atapita kale.

Anatsegula woyamba, ukwati wa msuweni wake. Chitoliro, mitambo. Abambo anatulukira m'nkhata yawo ya maluwa. Pambali pawo panatulukira iye, m'nkhata yakenso, utsi wa lubani ukudutsa pachibwano. Anatsegula wina, chimodzimodzi. Wina, chimodzimodzi. M'makanema oyambirira m'mitambo munali awiri okha, iye ndi abambo, ndipo chitoliro chikatha amayi ankaoneka pansi, amoyo, akuponyera akwati mpunga. Ndiye kuti amayi ankakhala pa TV n'kumamuonera ali kumwambako. M'makanema apambuyo amayi anakwera, n'kukhala pakati pa mwamuna wawo ndi mwana wawo.

Kunja dzuwa linali phwee, wogulitsa masamba akukuwa mumsewu.

Kanema womaliza analibe nyimbo. Kamera inkanjenjemera. Unali mtsinje wa Bagmati, kumunsi kwa phompho, pamasitepe pamene timaotchera maliro. Pa mulu wa nkhuni panagona chidole cha udzu wopatulika, chachitali ngati munthu, chovala juzi lake labuluu la kusukulu. Analidziwa ndi chigamba cha pachigongono, chimene amayi anasoka ndi ulusi wobiriwira chifukwa wabuluu unatha. Goma anaima chapatali atanyamula chithunzi. Purna anayandikiza kamera kumutu kwa chidolecho. Pa TV yakale pakanangooneka chimbuuzi, koma sikirini yatsopano inaonetsa kaudzu kalikonse, ndi timaenje tiwiri timene wina anaboola ndi chala m'malo mwa maso.

Pulogalamu inajambula kabokosi koyera kuzungulira mutu wa udzuwo, n'kulemba pansi pake: Tirtha.

Anakankhira mpando kumbuyo. Atakhazikika mtima anadziuza kuti makina ndi makina, amalakwitsa. Pofuna kudzitsimikizira anatsegula kanema amene anajambula yekha sabata yapitayo pa chinkhoswe cha Sarmila, pamene anaimika kamera pamiyendo yake n'kuthamangira kukaima ndi abale. Timabokosi tinatulukira pankhope iliyonse. Goma. Sarmila. Alamu. Ngakhale wansembe, amene anangotulukira khutu ndi tsaya. Pankhope ya mwamuna wa imvi woima chakumapeto panalibe kanthu. Ndipo anaona chimene sanachione tsikulo: abale onse anapanikizana mapewa, koma kumanzere ndi kumanja kwake kunali mpata woti munthu n'kudutsa osam'khudza.

Anam'peza Goma kukhitchini akusankha mphodza. Anaima pakhomo.

"Achemwali, munandiotcha."

Goma sanadzutse mutu. "Waona za a Purna."

"Munandiotcha ndili moyo, ndikutsuka mbale za anthu ku Penang!"

"Ife tikanadziwa bwanji kuti ukutsuka mbale? Mbalezo zinkatilembera kalata?" Anataya kamwala pansi. "Tinadikira zaka khumi ndi ziwiri monga mwa mwambo. Amayi anapita ku ofesi iliyonse, kwa woombeza aliyense. Kenako anayamba kukulota uli pageti, ukupempha madzi. Wansembe anati munthu wosaotchedwa amangoyendayenda ndi ludzu. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku limene ndinafika?"

"Unatsika takisi ukunyoza. Msewu wauve, mtsinje ukununkha, ansembe ndi mbava, ife tonse ndife mbuli zoopa mithunzi. Ndikanayambira pati? Ndikanati pepa, pakhomo pano ndiwe malemu?" Apa anamuyang'ana, maso atafiira. "Chaka chilichonse ndimakuphikira mpunga wa akufa. Chaka chinonso ndinaphika, iwe uli m'kachipinda ako ukumvera wailesi."

Tirtha anayang'ana mbale yake, imene inali payokha pawindo, kutali ndi zinzake.

"Ndikadzichotsamo," anatero. "Ndi ntchito ya mphindi imodzi."

Anachitadi. Anatsegula mitambo ya Purna, n'kufufuta mnyamata wa jekete lobwereka. Anawaitana Goma ndi Sarmila kuti adzaone, ndipo iwo anaonera ali panja, pazenera. Chitoliro chinalira. Abambo anatulukira, amayi anatulukira. Pambali pa amayi panatulukira nkhata yachitatu ya maluwa, yopanda kanthu m'kati, mitambo ikudutsa pabowolo. Purna anamata nkhatazo kumitambo, sizikanachoka. Chithunzi cha amayi chinali chija anajambulitsa atapendeketsa mutu, choncho ankaoneka ngati akusuzumira m'bowomo.

Sarmila anagwira pakamwa.

"Taona zimene wachita," anatero Goma motsitsa mawu. "Kumwamba kulibe, pansi pano palibe. Ndiye uli kuti? Kumeneko munthu sachokako ndi batani."

"Amachokako bwanji?"

"Amabadwa."

Tirtha anafuna kuseka. Anali atawerenga mabuku okwanira kuti aseke. Koma anayang'ananso bowo lija, n'kukumbukira mpata wa kumanzere ndi kumanja kwake, ndipo kuseka sikunabwere.

Anachita mwambo wa kubadwawo m'mawa, pabwalo la nyumba, ukwati usanafike. Anam'meta mutu ndi ndevu. Wansembe anabweretsa chimphika chamkuwa chophikira pa maphwando, anathiramo madzi ofunda ndi mafuta a mkaka, n'kumuuza kuti alowemo, apinde miyendo, afumbate manja, asayankhule. Mwamuna wa imvi anakhala m'menemo mawondo ali kuchibwano. Anthu a m'mudzi anadzaza pampanda.

"Mwanayu wabadwa ndi mano!" anakuwa mayi wina.

"Ndi nyamakazi yomwe!" anayankha mnzake, anthu n'kufa nazo.

Atam'tulutsa, Goma anam'funda nsalu yatsopano. Anali woyamba kum'khudza. Dzanja lake linagwira paphewa zolimba mpaka kupweteka. Wansembe anawerama n'kumunong'oneza m'khutu dzina, monga amachitira ndi khanda, kenako analitchula mokweza kuti onse amve: Nabin.

"Dzina ndili nalo kale," anatero Tirtha, mawu ake oyamba chibadwireni.

"Lija tinaotcha," anatero wansembe, akupukuta manja.

Goma anam'gwira dzanja n'kumulowetsa kukhitchini. Munali mochepa kuposa mmene ankakumbukira, ndipo pamene panali mafuwa panali chitofu cha gasi, koma fungo linali lomwe lija. Anam'khazika pamphasa, n'kumuika mpunga wa mkaka m'kamwa ndi dzanja lake.

"Idya, Nabin," anatero, ndipo dzinalo linatuluka mosavuta, ngati wakhala akulitchula moyo wake wonse. "Ukatha ukabwezeretse chithunzi chija."

Iye analeka kutafuna. "Achemwali, ndabadwatu."

"Wabadwa iwe. Uja ndi Tirtha. Amayi anapempha okha kuti akadzapita adzakhale pafupi naye. Usawalande mwana kawiri."

Masana omwewo anabwerera m'kachipinda kaja, mafuta akadali kuseri kwa makutu. Sarmila analowa osaima pakhomo, anakhala pabedi n'kutsamira paphewa lake. Anam'patsa foni yake kuti aike m'kompyuta zimene anajambula m'mawa. Iye anayamba wabwezeretsa mnyamata uja m'nkhata yake, anamuwongola, anam'walitsa pang'ono, chifukwa makina atsopano ankatha kutero. Kenako anatsegula za m'mawa zija.

Pulogalamu inapeza mutu wometa ukutuluka m'chimphika, inauzunguliza kabokosi koyera, n'kufunsa kuti ameneyu ndani.

Zala zake zinaima pamwamba pa mabatani kwa nthawi.

"Amalume, mwaiwala kale?" anatero Sarmila. "Limayamba ndi N."