Kandulo Pansi pa Kabokosi ka Ondina

Nyumba ya a Evaristo Barría inayamba kuzizira sabata imene anaika maliro a akazi awo, a Ondina. Sindikuphiphiritsa ayi. Inazizira zenizeni, moti munthu akapuma pabalaza ankauona mpweya wake. Ndipo mphepo ya ku Punta Arenas mwezi wa Julaye sichitira chisoni nkhalamba.

Boila yawo inali kukhitchini. Inkayaka ndi gasi, n'kutenthetsa madzi oyenda m'mapaipi kupita ku malediyeta, zitsulo zofunditsa m'zipinda. Kwa zaka makumi awiri sinavutepo. Tsopano inkangoyaka mwa apo ndi apo, kenako zii, malediyeta ali ozizira ngati mpeni.

Mwana wawo Maritza atamva chifuwa chawo pafoni anakwera ndege kuchokera ku Santiago. Anawapeza atavala majekete awiri, akumwa tiyi wakumeneko wotchedwa mate, atazizira kale.

"Ababa, Lolemba tinyamukira limodzi. Chipinda ndakukonzerani kale."

"Kunyumba yosanja kuja? Ndizikatani, kuwerenga magalimoto?"

"Ndiye mufere muno? Mwina mwaiwala ndi kayatsidwe ka boila komwe."

Mawu amenewo anawalasa. Munthu amene anagwira ntchito padoko zaka makumi anayi, lero akumuyesa wozerezeka! Koma iwonso anali atayamba kudzikayikira. Anangopempha chinthu chimodzi: aitane mmisiri, ndipo nyumba ikafunda lisanafike Lolemba, awasiye.

Loweruka m'mawa kunabwera mmisiri, Nibaldo Oyarzo, chimunthu chamimba, chosatseka pakamwa. Anayang'ana gasi, anamvetsera pampu, anatulutsa mpweya m'malediyeta. Kenako anatsegula boila, n'kugunditsa mawaya awiri. Moto unabuka nthawi yomweyo.

"Iyi ndi yamphamvu kuposa ine, madala," anatero akuseka. "Kungoti boila ilibe nzeru zakezake. Ili ngati ine kunyumba kwanga, imangomva zouzidwa. Amene amalamula ndi kabokosi kapakhoma koyeza kutentha kaja. Kakati kwazizira, boila iyaka. Kakati kwafunda, izima. Kali pati?"

A Evaristo anamutsogolera m'kanjira kopita kuzipinda, akukoka miyendo.

Kabokosiko kanali pamene kanali kalekale, m'munsi ndithu, poti a Ondina anali aafupi ndipo anauza okha amisiri poti akakhome. Pansi pake penipeni a Evaristo anali atakhomapo kashelefu. Panali chithunzi cha malemuwo, kolona wawo, ndi kandulo m'galasi lofiira. Anaiyatsa tsiku la maliro chifukwa cha mapemphero a masiku asanu ndi anayi. Masikuwo atakwana anansi anabwerera kwawo, koma iwo analephera kuizimitsa. Ina ikamatha ankayatsira pomwepo inzake.

Nibaldo anaika dzanja pamwamba pa kandulo, kenako anagwira kabokosi. Anayamba kuseka, koma ataona chithunzicho kuseka kunathera pakhosi. Anavula chipewa.

"Pepani, achikulire. Kanduloyi ndi imene ikukanamiza kabokosika. Kutentha kumakwera n'kukafunditsa, ndiye iko kakuona ngati nyumba yonse ili m'chilimwe. Boila ikungomvera bodza."

"Kamoto kakang'ono kameneka?" anafunsa Maritza.

"Kakwana, achemwali. Kabokosi sikayenda m'zipinda. Kamangodziwa pamene kali."

Maritza anapumira m'mwamba. "Basi, ababa, tisunthire kashelefu kuchipinda kwanu."

"Ayi."

"Kapena ndichotse kabokosika ndikakakhome pabalaza," anatero Nibaldo. "Ola limodzi ndamaliza."

"Mukakachotsa patsala chiyani? Bowo?"

Onse awiri anawayang'ana ngati nkhalamba yamakani, ndipo makani analipodi. Koma a Evaristo ankaona chimene iwo sankaona. Pakhoma, mozungulira kabokosiko, penti inali itada ndi zala za a Ondina. M'nyumba yonseyo, apa ndi pokha pamene panatsala dzanja lawo. Zovala anagawana achibale, kapu yawo Maritza anali ataitsuka, koma apa palibe anakhudzapo.

Apa ndi pamenenso ankamenyera nkhondo yawo. A Evaristo podutsa ankapotokola kagudumu kake kubweza pa madigiri 18, poti mwamuna wa kudoko safuna kukhala m'nyumba ngati buledi mu uvuni. A Ondina podutsa ankakweza pa 23. "Bambo inu, mukufuna ndiume ngati nsomba? Chisanu mukachifuna tulukani panja, n'chaulere!" Tsiku ndi tsiku, zaka makumi awiri, osatopa. Panthawiyo ankati ndi mkangano. Panopa akanapereka chilichonse kuti aumvenso kamodzi kokha.

"Ababa," Maritza anayankhula motsitsa mawu, misozi ili m'maso, "amayi akanalola nyumba yawo izizire chonchi?"

A Evaristo anayang'ana kagudumu kaja. Kanali pa 23, pamene malemuwo anakasiya m'mawa umene anapita kuchipatala. Masabata asanu ndi awiri a Ondina anali akulamulabe kuti nyumba ifunde, ndipo amene ankawatseka pakamwa anali mwamuna wawo yemwe, ndi kandulo yake yachikondiyo. Nkhondo imene analephera mayiwo ali moyo anadzaipambana atawaika m'manda. Manyazi ndi chisoni zinawagwira pamodzi.

Nibaldo anati akaone kaye zina kugalimoto, n'kutuluka. Sikuti anali ndi choti akaone.

A Evaristo ananyowetsa zala ziwiri ndi malovu. Anatsina chingwe cha kanduloyo, kautsi n'kukwera kudutsa pankhope ya m'chithunzi.

Palibe chinachitika. Bambo ndi mwana wake anaimirira m'kanjiramo akumva mphepo ikugwedeza malata. Panadutsa mphindi zisanu, mwina khumi. Maritza anayamba kuyang'ana pansi.

Kenako kabokosi kanati thi! Kukhitchini boila inabuka, pampu inayamba kung'ung'udza, ndipo mapaipi anayamba kuthetheka m'makoma mmene ankachitira m'mawa uliwonse a Ondina akadzuka.

Maritza anakagwira lediyeta ya pabalaza. Anakhala ataigwira nthawi yaitali, kenako anati, osatembenuka, "Lolemba ndipita ndekha."

Bambo ake anali akadali m'kanjira muja, zala zawo zitagona pa penti yakuda ija, kagudumu osakakhudza.

"Mwawina, mayi," ananong'ona. "Pakhale pa 23 pomwepo."