Ng'ombe za Malobolo a Esme

Basi ya sukulu ya ku Euthini isanaime n'komwe, ana anali atayamba kale kukankhana pachitseko. Esme anadzuka pampando wake, nakonza duku, n'kutsegula kageti ka mbali yake monga ankachitira Loweruka lililonse.

"Bwerani kuno, ana anga! Akatungwe ali kuno, potsetsereka pali kuno!"

Palibe amene anacheuka. Onse anathamangira kuseri kwa mitengo ya mango, kumene a Zondwayo, eni ake a pakiyo, anali atangotsegulako malo atsopano otchedwa Mudzi wa Angoni. Kunali tinyumba tozungulira ta udzu, khola la mitengo, zishango zachikopa zopachika pakhoma, ndi ngolo yopaka utoto wofiira yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri.

Mphunzitsi wawo ndiye anaima pang'ono. "Monire, mama. Kuli ngolo kuja ndi mbali iti?"

"Tsatani fungo la ndowe, aphunzitsi, simusochera," anayankha Esme.

Mayiyu anali atagwira ntchito pa akatungwe kuchokera pamene pakiyo inatsegulidwa pa Boma la Mzimba. Ankadziwa mwana wamantha ndi wa liuma pongomuona mayendedwe. Ana ambiri a m'tauniyo anaphunzira kuuluka m'mwamba dzanja lake lili kumsana kwawo. Koma chitsegulireni Mudzi wa Angoni, unyolo wa akatungwe ake unkangogwedezeka ndi mphepo.

Pabenchi yake panakhala mkulu wina wotsamira ndodo, a Jones, amene anaperekeza zidzukulu zawo.

"Zinazi n'zoseketsa, mama," anatero mkuluyo. "Ine ndakalamba ndikutukwana ngolo chifukwa cha msana. Lero anthu ovala nsapato akuima pamzere ndi tikiti kuti iwagwedeze matumbo!"

Esme anaseka ndi mtima wonse, poganiza kuti Mulungu wamutumizira mnzake. "Nenani inu, adada. Mawa adzatilipiritsa kupalira."

"Nadi. Koma ng'ombezo, ayi, ndi ng'ombe! Taonani chifuwa cha yofiirayo. Dikirani ndikazione pafupi." A Jones anadzuka, ndodo ili patsogolo, osabweranso.

Phokoso la kumeneko linkafika lonse kwa Esme. Amayi a m'maofesi a pa Boma ankajambulitsa atanyamula zishango chozondotsa. Bambo wina wobwera kuchokera ku Joni anakweza kamtsikana kake paphewa kuti kagwire nyanga, kamwanako n'kumakuwa kuti ng'ombeyo ndi yeniyeni, ikupuma. Ndipo pakati pa zonsezi panali Dyness, mkazi wa mlongo wake Cosmas, atavala mikanda m'khosi ndi pamphumi, akulandira alendo ndi kuwaphunzitsa kuponda ingoma. Cosmas ndiye ankayendetsa ngolo.

"Mayi inu, mukuwala!" anatero mkazi wa bambo wa ku Joni uja. "Ng'ombe zokongolazi n'zanu?"

"Yewo chomene. N'zathu, za pakhomo pathu ku Edingeni," anayankha Dyness. "Yofiirayi ndi Jamuludi, inayi ndi Bantomu."

Mawu akuti "zathu" aja anamulasa Esme pansi pa nthiti.

Pamafunika kudziwa chiyambi cha ng'ombezo. Esme atakwatiwa, akuchimuna anapereka ng'ombe za malobolo, zinalowa m'khola la bambo ake. Mwamunayo anapita ku Joni, makalata anachepa, kenako anatha, mpaka lero ndi mtchona. Koma ng'ombe sizinapite kulikonse, zinaswana. Mwa mwambo wa kwawo, ng'ombe zobwera chifukwa cha mwana wamkazi ndizo zimakalowolera mlongo wake mkazi. Motero zina zinakatenga Dyness, ndipo Jamuludi ndi Bantomu anali ana a zotsalazo. N'chifukwa chake pa nkhani ya khola limenelo, mawu a Esme anali olemera. Cosmas sakanatha kugulitsa ngakhale thole popanda kumufunsa. Pobwereketsa ng'ombezo kwa a Zondwayo anamufunsa, iye n'kuvomera ndi manja awiri, osadziwa kuti zidzamulanda ana.

Tsopano anakhala pansi n'kumawerengera m'mtima zimene ng'ombe zake zinachita. Mlongo wake zinamupatsa mkazi. Mkaziyo zinamupatsa nyumba, ana, ndipo lero ntchito ndi mikanda. Iye mwini zinamusiyira chiyani? Mpando ndi akatungwe opanda anthu.

Esme anali mayi wa Umanyano, bungwe la amayi a kutchalitchi, wodziwa bwino kuti nsanje ndi udzu umene mdani amafesa m'munda wa munthu wopemphera. Anayesa kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, koma inamuthera pakhosi ndime yoyamba isanathe, chifukwa kuseri kwa mango kunaphulika kuseka, wina akufuula kuti, "Mayi wa mikandayo abwere pakati pa chithunzi!"

Ngolo itafika pokhotera, pafupi ndi mpanda wa akatungwe, Esme anakweza dzanja.

"Cosmas, tatsika."

Cosmas anaimitsa ng'ombe, napukuta thukuta, nayang'ana mlongo wake. "Kwagwanji, adumbu?"

"Mvula yayandikira. Ng'ombezi zibwerere ku Edingeni, zikapume zisanayambe kulima."

"Mvula iti? Kumwambaku kuli mbee! Ndipo kumudzi tinagwirizana kale kuti zikalima zina zija."

"Zaonda."

Cosmas anayang'ana Jamuludi, amene mafuta ankachita kunyezimira pamsana. Kenako anatembenukira mlongo wake.

"Adumbu, mukudziwa kuti ngolo ikaima, a Zondwayo alibe chomusungira mlamu wanu kuno?"

"Ine ndanena za ng'ombe. Kapena pa ng'ombe zimenezi ndilibenso mawu?"

"Mawu muli nawo. Sindinakanepo, ndipo sindiyamba lero," anatero Cosmas. "Mbwenu, basi, zipite lero lomwe, tikagona panjira. Ndisamve kuti ndadya za mlongo wanga mwakuba."

Esme sanayembekeze kuti zichitika msanga chotero. Ankaganiza za mawa, kapena sabata ya mawa, anthu kulibe. Koma Cosmas anatsitsa ana amene anali m'ngolo, nayamba kumasula zingwe pakhosi pa Bantomu pamaso pa anthu onse. Mzere wa ana a ku Euthini, amene ambiri anali asanakwere, unangoti zii.

Dyness anabwera chothamanga, mikanda ikulira. Mwamuna wake anamunong'oneza mawu ochepa. Mayiyo analowa pakageti ka Esme, nagwada monga mkamwana, mkazi wokwatiwa pamudzi, agwadira eni mudzi, koma maso ake anali ofiira.

"Alamu, ndakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Ndi ng'ombe mukufuna, kapena ndi izi?" Anavula mikanda ya pamphumi n'kuiika pabenchi. "Tengani. Mukavale inu, mukavine inu padzuwa mpaka mapazi atupe. Mukuganiza n'zokoma kumwetulira tsiku lonse ntchentche zikulowa m'kamwa?"

"Wawauza alendo kuti ng'ombe n'zanu."

"Ndanena kuti n'zathu! Ndikanati chiyani? Ndiwauze alendo kuti n'za alamu anga, ndipo nanenso ndine wa alamu anga, anandigula ndi ng'ombe zomwezi? Chikwatiwireni changa ndimakumbutsidwa zimenezo pa maliro ndi pa ukwati pomwe. Inu mukalankhula, amuna amavula zipewa. Ine ndikalankhula amati dikira amve adumbu. Ndapeza kamalo kamodzi komwe anthu akundiitana ine, nakonso mukukafuna?"

Esme anatembenukira kumbali, ndipo apo anaona mphunzitsi uja akubwera ndi ana ake.

"Mama, tithandizeni. Akuti ngolo yatseka. Anawa angokhalako kuno mpaka basi ibwere."

Anawo analowa mwa mzere, mwaulemu. Katungwe aliyense anapeza mwini, potsetsereka panadzaza, ena anakhala pa udzu. Esme anapita kumbuyo kwa kamnyamata kena n'kukakankha. Kanapita kutsogolo, kanabwerera, n'kukhwekhwereza mapazi pansi mpaka katungwe anaima. Onse anali atakhala chopotoka, nkhope zili kumene Cosmas ankatsitsa goli. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchitoyo, Esme anali asanaonepo akatungwe odzaza koma opanda phokoso.

Kamtsikana kovala yunifolomu yaikulu kuposa thupi lake kanamukoka chitenje.

"Mama, ng'ombe zadwala?"

"Ayi, mwana wanga, sizinadwale."

"Nanga zalakwa chiyani? Ine inali nthawi yanga. Kwathu zinafa zonse ndili wakhanda, agogo amangondiuza."

Bodza linali pafupi, lokonzeka: zatopa, zikukalima, mvula ikubwera. Kwa Cosmas linatuluka mosavuta. Koma kwa mwanayu linakana. Esme anakumbukira kuti Ambuye wake ankaika ana pakati pofuna kuchititsa manyazi akuluakulu okanganirana ukulu, ndipo anamva nkhope yake ikutentha ngati waima pafupi ndi ng'anjo ya njerwa.

"Sizinalakwe kanthu," anatero motsitsa. "Wodwala ndine."

Anatola mikanda pabenchi paja, nadutsa pakageti. Cosmas anali atagwira kale chikoti kuti atulutse ng'ombe pa geti lalikulu.

"Manganso goli."

"Adumbu, ine si mwana woti mundiseweretse. Mwati zaonda."

"Ndinanama. Ng'ombe zili bwino, mvula ili kutali, ndipo iwe ukudziwa chimene chimandilankhulitsa. Usandichititse kuti ndichitchule pamaso pa alendo."

Cosmas anapukusa mutu. "Ndipo Loweruka likudzali akadzakudutsaninso anawa?"

"Chidzandipwetekanso. Koma sindidzakwezanso dzanja. Ndanena pamaso pa Mulungu ndi pa ng'ombezi."

Mwamunayo anaponya chikoti pansi n'kuwerama kunyamula goli. Linali lolemera, ndipo Bantomu ankapotoza khosi. Esme anagwira mbali inayo. Anthu ena anadabwa kuona mayi wa duku loyera akugwira goli, a Jones n'kufuula kuti, "Kwezani pang'ono, mama, mumupweteka khutu!" Kuseri kwa mpanda ana anayamba kukuwa.

Dyness anali ataima pambali, atapinda manja pachifuwa. Esme anamuyandikira n'kumuveka mikanda ija pamphumi. Inapendekeka, naikonza ndi chala.

"Mlamu, usaganize kuti nsanjeyi yatha. Ikadali muno," anatero akudzigunda pachifuwa. "Ndikakuona utavala izi imandidya ngati chiswe. Undipempherere."

Dyness anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, osamwetulira.

"Ndikupemphererani mawa kutchalitchi, alamu. Lero ndakwiya."

"Chabwino, mawa ndi pafupi."

Dyness anatembenukira kumzere, nakweza mawu ake a ntchito aja, osasa pang'ono: "Amene sanakwere abwere kutsogolo!" Esme ananyamula kamtsikana ka yunifolomu yaikulu kaja n'kukakhazika pampando wa kutsogolo, pambali pa Cosmas, pamene kakanatha kugwira mchira wa Jamuludi.