Apongozi pa Kabaza

Zubairu anakwatira Zulfa osagwirako khasu m'munda mwa apongozi ake ngakhale tsiku limodzi, ndipo Abiti Sharifu, amake a Zulfa, sanaiwale. Malo omangapo nyumba kuno kwa Kalembo anamupatsa ndi iwo. Iye anati kulima satha, koma poti ali ndi njinga yamoto ya kabaza, aziwatengera kuchipatala mwezi ndi mwezi. Lonjezolo linathera pakamwa pomwepo.

Nyamakazi ya Abiti Sharifu sinali ija ya ukalamba. Adokotala anati thupi likudya lokha mfundo zake. M'mawa zala za manja onse zinkadzuka zitatupa, zouma ngati makaka a chinangwa, mpaka aziviike m'madzi ofunda. Mankhwala omwa kamodzi pa sabata ndiwo ankazimitsa motowo, koma anali atatha, ndipo tsiku lokatenga ena linali lomwelo. Anawachenjezeratu kuti chala chikapindika sichiwongokanso.

Atamukumbutsa za lonjezo lija, Zubairu sanakane. Mkamwini waulemu sakana. Ananjuta chapatali, maso kumbali, n'kufotokoza kuti msewu ndi wokumbika, amayi sangagwire chitsulo cha njinga ndi manja amenewo, ndipo zomugwira iye m'chiuno ndiye malodza. Mpongozi ndi mkamwini sakhudzana. Anthu adzati chiyani?

"Ulemu wanuwo umadzuka tsiku la kuchipatala lokha," anatero Abiti Sharifu. "Ndikaphika nyama mumafika mpaka pamafuwa."

Anaitana Zulfa kuti abwere ndi pilo ndi zitenje ziwiri. Zubairu anakwera njinga, pilo kumsana kwake, apongozi kuseri kwa pilo, ndipo Zulfa anawakulunga onse awiri n'kumanga mfundo kumbuyo kwa amake. Panalibe wokhudza mnzake. Mwambo unakhuta.

Podutsa pa siteji, anzake a kabaza anaimirira.

"Achimwene, mwanayo wabadwa ndi imvi?"

Zubairu anawonjezera moto. Abiti Sharifu anamuuza achepetse, mawondo nawonso ndi odwala, ndipo anadutsa msika wonse pang'onopang'ono ngati galimoto ya maliro.

Pachipata cha chipatala anakhala chimangidwire. Zala za apongozi sizikanatha kumasula mfundo, mkamwini sakanaloledwa kufikako. Anawamasula ndi mayi wogulitsa zitumbuwa. Zubairu atatsika anafunsa, maso kumbali, ngati tsopano ngongole ya kumunda ija yatha.

"Iyayi. Yatha ndi ya mwezi uno. Matendawa akuti sachoka, ndiye piloyo muisamale."